Agogo a pa Tabuleti

Achemwali anga amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kumpoto kwa England. Anapita mu 2022, chaka chimene boma la Britain linayamba kupereka viza kwa anthu akunja ofuna ntchito imeneyi, ndipo mwana wawo wamkazi anamusiya m'manja mwa mayi athu ku Lilongwe. Ntchito yake ndi yomwe mukuiganizayo: kusambitsa, kudyetsa, kuyala pabedi, kutembenuza munthu usiku kuti asachite zilonda. Koma tsiku lina ananditumizira voice note akuseka, amvekere, "Achimwene, andikweza pantchito. Pano ndine wogwira tabuleti."

Nkhani yake ili motere. Lachinayi lililonse m'mawa, ana a pasukulu ina ya pulayimale ya m'tauni momwemo amaonekera pa tabuleti mmodzimmodzi, aliyense ndi kabuku kake, n'kumawerengera agogo a m'nyumbamo. Achemwaliwo ntchito yawo ndi kuimika tabuleti bwinobwino, kukweza voliyumu, ndi kuonetsetsa kuti kamera ikuloza nkhope osati denga. Akuti pali agogo ena aakazi a zaka za m'ma 90 amene masiku ena onse amakana ngakhale kutsegula makatani. Koma Lachinayi amadzuka okha. Amafuna awapese tsitsi, awaveke juzi yawo yabwino ija, ati mwana wawo akubwera. Mwanayo si wawo ayi, ndipo sanagwiranepo naye chanza. Ndi kamnyamata ka zaka 7 kamene kamapunthwa pa mawu aatali.

Ine poyamba ndinangoseka, ndinati azungu ndi zinthu zawo. Kenako funso linandikhala pamtima: zinatheka bwanji kuti gogo ndi mwana okhala tauni imodzi afunike makina kuti aonane? Paja ife amene tinaphunzira mbiri ku yunivesite matenda athu ndi amodzi, chilichonse timafuna kudziwa kumene chinachokera. Ndiye ndakhala ndikufufuza, ndipo ndapeza nkhani ziwiri zimene zinayenda payokhapayokha kwa zaka zambiri zisanakumane. Ina ndi ya mpanda umene unalekanitsa okalamba ndi ana. Ina ndi ya foni yoonetsa nkhope.

Mpanda unamangidwa bwanji

Tisafulumire kunena kuti azungu anangodzuka tsiku lina n'kutaya makolo awo. Wolemba mbiri wa ku Cambridge, Peter Laslett, anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti ku England mabanja ambiri ankakhala bambo, mayi ndi ana okha ngakhale mafakitale asanabwere. Zoti agogo, ana ndi adzukulu azigona denga limodzi sizinali zofala kumeneko. Wokalamba wopanda chuma komanso wopanda mwana womusunga ankadalira thandizo la parishi ya kwawo.

Mu 1834 boma linasintha lamulo la anthu osauka ku England ndi Wales. Wofuna thandizo tsopano ankayenera kukalowa m'nyumba imene ankaitcha workhouse. Pakhomo pomwepo mwamuna ankapita kwake, mkazi kwake, ana kwawo. Moyo wa m'menemo anauwawitsa dala kuti munthu wamphamvu zake asaukhumbire. Koma amene analibe kothawira anali okalamba ndi odwala, choncho pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndiwo anachuluka m'nyumbazo. Lamulo lakalelo linathetsedwa mu 1948, koma nyumbazo sizinagwetsedwe. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Peter Townsend, atayendera nyumba za okalamba zokwana 173 analemba buku lakuti The Last Refuge mu 1962. Anapeza okalamba ambiri akugonabe m'zipinda zazikulu za ma workhouse akale aja, mabedi ali ndandanda ngati kuchipatala, ena kulibiretu wowazonda.

Ku America nako zinayenda mwanjira yake. Lamulo la Social Security la mu 1935 linayamba kupereka ndalama kwa okalamba osauka, koma linakana kupereka kwa amene ankakhala m'nyumba za boma za amphawi. Cholinga chinali choti nyumba zochititsa manyazizo zitsekedwe. Zinatsekedwadi pang'onopang'ono, koma m'malo mwake anthu wamba anatsegula nyumba zolipiritsa, okalamba n'kumalowa ndi kandalama kawo kaboma kaja. Mu 1965 kutabwera Medicare ndi Medicaid, ndalama zaboma zinayamba kulowa zambiri ndipo nyumba zosamalira okalamba zinasanduka bizinesi yaikulu.

Nthawi yomweyo ana nawo ankalowetsedwa m'khola lawo. Ku England lamulo la maphunziro la mu 1870 linafalitsa sukulu, ndipo mu 1880 kupita kusukulu kunakhala kokakamiza. Tsono kukacha mwana ulendo kusukulu, kholo kuntchito, gogo ali kunyumba ya okalamba, aliyense ndi amsinkhu wake. Palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti tiyeni tilekanitse agogo ndi adzukulu. Sitepe iliyonse inali ndi chifukwa chomveka: mwana aphunzire, wodwala asamalidwe, mmphawi asachitidwe chipongwe. Koma zonse zitaphatikizana, mpanda unapezeka waima.

Amene anayamba kuboola mpandawo

Anthu ena anaona msanga kuti chinachake chalakwika. Mu 1965 boma la America linayambitsa Foster Grandparent Program, pa nthawi imene Sargent Shriver ankatsogolera nkhondo yolimbana ndi umphawi. Okalamba osauka ankapatsidwa kandalama kochepa kuti azikacheza ndi ana okhala m'zipatala ndi m'nyumba za ana osowa owasamalira. Ganizo lake linali lapafupi: uku kuli mwana wosowa womunyamula, uku kuli gogo amene manja ake alibe chochita.

Mu 1976 akatswiri awiri a za maganizo, Ellen Langer ndi Judith Rodin, anachita kafukufuku m'nyumba ya okalamba ku Connecticut. Gulu lina analiuza kuti lizisankha lokha zinthu zing'onozing'ono monga tsiku loonera filimu, ndipo aliyense anapatsidwa duwa la mumphika loti azithirira yekha. Gulu linalo analipatsanso maluwa, koma analiuza kuti anamwino ndiwo azithirira. Patapita milungu itatu yokha, amene ankathirira okha aja anapezeka osangalala komanso otakataka kuposa anzawo. Duwa lomwelo, nyumba yomweyo. Kusiyana kunali kwakuti enawa anali ndi chinthu chowadalira.

Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikubwerabwera m'nkhani yonseyi.

Chaka chomwecho cha 1976, ku Edogawa mumzinda wa Tokyo, malo otchedwa Kotoen anayika sukulu ya mkaka pamalo amodzi ndi nyumba ya okalamba. Mu 1991 nyumba ya Providence Mount St. Vincent ku Seattle, mokhala okalamba pafupifupi 400, inatsegula sukulu ya ana aang'ono m'kati mwake momwe. Mu 1991 momwemo dokotala wina wachinyamata, Bill Thomas, anayamba ntchito m'kanyumba ka okalamba ku New Berlin m'chigawo cha New York. Iye anati matenda aakulu m'menemo anali atatu: kusungulumwa, kusowa chochita, ndi kudzimva kuti ulibenso mphamvu pa moyo wako. Mankhwala ake anadabwitsa anthu. Analowetsamo agalu awiri, amphaka anayi, mbalame 100, ndi ana. Nkhaniyi Atul Gawande anaifotokoza m'buku lake la Being Mortal la mu 2014.

Nanga buku linalowa pati? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku Jenks m'chigawo cha Oklahoma, nyumba ya Grace Living Center inagwirizana ndi sukulu zaboma za m'deralo kuti makalasi a ana aang'ono akhale m'kati mwa nyumbayo. Anayambitsa chizolowezi chotchedwa Book Buddies: mwana mmodzi, gogo mmodzi, buku limodzi, kuwerengerana. Ndipo mu 1995 kunayamba Experience Corps, imene imatumiza anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo m'sukulu za m'madera osauka kukathandiza ana a makalasi oyambirira kuwerenga. Ofufuza a ku Washington University ku St. Louis anatsatira ana oposa 800 m'sukulu 23 ndipo anapeza kuti amene anali ndi wamkulu wowathandiza anapita patsogolo kwambiri pa kutchula mawu atsopano ndi kumvetsa zimene awerenga. Ku Baltimore, ofufuza a ku Johns Hopkins anajambula ubongo wa okalamba ongodziperekawo, amene ankagwira maola 15 pa sabata, ndipo anaona kusintha kwabwino m'mbali zimene zimathandiza munthu kukonza zochita ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Phindu linali la uku ndi uku.

Koma njira zonsezi zinali ndi vuto limodzi: thupi liyenera kufika pamalopo. Pafunika basi, mphunzitsi woperekeza, gogo wotha kuyenda, nyengo yabwino. Gogo wogona pabedi kapena sukulu yakutali, basi zawo zada.

Foni imene anthu anaikana

Tsopano tiyeni ku nkhani yachiwiri ija. Ife timaona ngati video call ndi ya dzulodzuloli, koma ndi yakale kuposa agogo anga. Pa 7 April 1927, Herbert Hoover, amene panthawiyo anali nduna ya zamalonda ku America, analankhula ali ku Washington nkhope yake ikuoneka ku New York. Mu 1936 a positi ofesi a ku Germany anatsegula foni yoonetsa nkhope pakati pa Berlin ndi Leipzig. Munthu ankapita ku positi, kulowa m'kachipinda, n'kuonana ndi mnzake wa mzinda winawo.

Mu 1964 kampani ya AT&T inaonetsa Picturephone pa chionetsero chachikulu cha ku New York, n'kutsegula tizipinda toimbira ku New York, Washington ndi Chicago. Mtengo wake unali madola 16 mpaka 27 pa mphindi zitatu. Mu 1970 anayamba kuigulitsa ku Pittsburgh pa madola 160 pamwezi. Anthu sanaifune. Inali yodula, komanso unkati ukaigula uimbira ndani poti anzako alibe? Ambiri sankafunanso n'komwe kuonedwa akamalankhula pafoni. Ntchito yonseyo inagwa chagada.

Zinthu zinasintha intaneti itafala. Skype inayamba mu 2003 ndipo patangopita zaka zochepa inawonjezera vidiyo yaulere. FaceTime inabwera mu 2010, Zoom mu 2013, ndipo WhatsApp inatsegula video call mu November 2016. Mtengo unagwa, ndipo aliyense anapezeka ali nayo m'thumba. Koma funso lina linatsala, limene inu nonse amene munapatsidwapo foni kuti "lankhula ndi agogo" mukulidziwa: mukapatsana moni, mukafunsana za mvula, kenako mukamba chiyani?

Pamene njira ziwirizi zinakumana

Mmodzi mwa oyamba kuyankha funsolo anali Sugata Mitra, mphunzitsi wa ku India amene anatchuka mu 1999 ataika kompyuta pakhoma m'dera losauka la Kalkaji ku New Delhi n'kusiya ana aziphunzira okha. Pambuyo pake, pamudzi wa Kalikuppam, anaona kuti ana amaphunzira zambiri pakakhala munthu wamkulu kumbuyo kwawo amene sakuwaphunzitsa, koma akungochita chidwi ndi kuwayamikira monga amachitira agogo. Ali ku Newcastle University mu 2009, anapempha kudzera m'nyuzipepala ya The Guardian anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo aphunzitsi opuma pantchito, kuti azipatula ola limodzi pa sabata kucheza ndi ana a ku India pa Skype. Ankawawerengera nthano, kuimba nawo, kuwafunsa mafunso. Gululi linatchedwa Granny Cloud. Anthuwa ankakhala m'makomo mwawo osati m'nyumba za okalamba, ndipo akatswiri ena a maphunziro anatsutsa zina mwa zimene Mitra ankanena. Komabe anaonetsa kuti gogo angathe kukhala ku England, kalasi ili ku Hyderabad, zinthu n'kumayenda.

Mu 2010 ofufuza a Nokia ndi a Sesame Workshop anapanga chipangizo chotchedwa Family Story Play, chophatikiza buku lenileni lapepala, vidiyo, ndi chidole chija Elmo. Anali ataona kuti mwana wamng'ono sakhalitsa pafoni ndi agogo, amangoti moni n'kuthawa. Atayika buku pakati, macheza anatalika. Buku linawapatsa chochitira limodzi.

Mu 2014 nkhaniyi inalowa m'nyumba ya okalamba mwachionekere. Sukulu ya zilankhulo ya CNA ku Brazil inalumikiza ophunzira ake a ku São Paulo ndi okalamba a ku Windsor Park kufupi ndi Chicago, pa ntchito yotchedwa Speaking Exchange. Achinyamata ankafuna woyeserera naye Chingerezi, okalamba ankafuna wocheza naye. Machezawo ankajambulidwa kuti aphunzitsi akaone pambuyo pake. Tinene zoona, kanema wake amene anazungulira dziko lonse anali wotsatsanso malonda a sukuluyo, wopangidwa ndi kampani ya FCB Brasil. Koma anthu ambiri anaona koyamba kuti wokhala m'nyumba ya okalamba akhoza kukhala wopereka thandizo, osangokhala wolandira. Ku Cornwall nako kuli bungwe la Silver Stories limene limachita zofanana ndi foni wamba: mwana amaimba, n'kuwerengera wokalamba kwa mphindi zochepa sabata iliyonse.

Mwina mukufunsa kuti kodi mwana amaphunziradi kanthu pa sikirini? Funso labwino. Mu 2003 Patricia Kuhl ndi anzake anapeza kuti makanda a miyezi 9 a ku America anaphunzira kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a Chimandarini atamva kwa munthu amene anali nawo limodzi, koma sanaphunzire kanthu ataonera munthu yemweyo pa kanema wojambulidwa kale. Kenako mu 2014 Sarah Roseberry, Kathy Hirsh-Pasek ndi Roberta Golinkoff anayesa ana a miyezi 24 mpaka 30. Amene anaphunzitsidwa mawu atsopano pa video call anawagwira ngati amene anaphunzitsidwa maso ndi maso, pamene oonera vidiyo yojambulidwa kale sanawagwire. Chofunika ndi munthu woyankha, womutchula mwana dzina, wodikira akamazengereza. N'chifukwa chake mu 2016 bungwe la madokotala a ana ku America, polangiza kuti ana osakwana miyezi 18 asamaonere sikirini, linapatulapo video call.

Ndipo kwa mwana wa sitandade 2 amene akulimbana ndi zilembo, gogo ali ndi chinthu chimene mphunzitsi wa kalasi yodzaza alibe: nthawi. Sachonga, sapereka malikisi, sathamangira kwina. Mwana akalakwitsa palibe anzake omuseka.

2020

Mpaka apa zonsezi zinali zoyeserera za apo ndi apo. Kenako kunabwera Covid-19. Pa 13 March 2020 boma la America linalamula nyumba za okalamba kuti zisiye kulandira alendo kupatula pamene munthu ali kayakaya. Ku Britain zitseko zinatsekedwanso mwezi womwewo. Sukulu nazo zinatsekedwa, ndipo UNESCO inati ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni anakhudzidwa padziko lonse. Mpanda uja unasanduka khoma lenileni, anthu n'kumaonera makolo awo pawindo.

Imeneyo ndiyo nthawi imene tabuleti inakhala chiwiya cha m'nyumba ya okalamba ngati thireyi ya mankhwala. Zoom inachoka pa anthu 10 miliyoni olowa misonkhano patsiku mu December 2019 kufika pa 300 miliyoni mu April 2020. Boma la England linagawa ma iPad 11,000 m'nyumba za okalamba. Experience Corps inasamutsira ntchito yake pa intaneti. Aphunzitsi amene kale ankapita ndi ana kukaimba nyimbo za Khirisimasi kamodzi pachaka anayamba kuwalumikiza sabata ndi sabata. Mliri utatha ena anapitiriza, ndipo Lachinayi la achemwali anga linachokera kumeneko.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi uchi. Mu May 2020 gulu la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linafufuza ngati video call imachepetsa kusungulumwa kwa okalamba. Linapeza kafukufuku mtatu yekha woyenera, wa anthu 201, ndipo linati umboni wake ndi wofooka kwambiri. Kungopereka tabuleti si mankhwala. Achemwali amanena zomwezo m'njira yawo. Gogo wogontha samva kamawu ka mwana. Wodwala matenda oiwala nthawi zina amasokonezeka, amafuna kumugwira mwanayo n'kukhumudwa akagunda galasi. Sabata imene ogwira ntchito achepa, chinthu choyamba kulumphidwa ndi kuwerengako. Ndipo pamene gogo sapatsidwa chochita, pamene ana angobwera kudzamuonetsa zinthu iye ali phee ngati mlendo pa zisudzo, amagona pakati pa nkhani. Amene amadzuka m'mawa kupesa tsitsi ndi amene anauzidwa kuti mwana uyu akuvutika kuwerenga, tithandizeni. Duwa la Langer ndi Rodin lija.

Palinso china chimene sichioneka pa zithunzi zokongola zija. Kumbuyo kwa tabuleti iliyonse kuli dzanja loigwira, ndipo ku Britain dzanjalo nthawi zambiri ndi la munthu wochokera ku Nigeria, ku Zimbabwe, ku India, ku Philippines, kapena kwathu kuno, amene mwana wake weniweni akuphunzira kuwerenga kutali ndi iye.

Kwathu kuno

Apa ndi pamene kuseka kwanga kuja kunathera. Ife timanyada kuti sitisunga makolo m'nyumba za okalamba, ndipo n'zoona kuti nyumba zoterozo kuno n'zowerengeka. Koma tadziyang'anani. Agogo anga, mayi awo a mayi anga, ali ku Ntcheu. Mayi ali ku Lilongwe. Ine ndikusaka ganyu m'tauni, achemwali ali ku England. Mwana wa achemwali, amene ali sitandade 2, anaonana ndi agogowo kawiri kokha, ndipo kamodzi kanali pamaliro. Sitinamange workhouse, koma mpanda tikuumanga ndithu, ndi mtengo wa minibasi, ndi sukulu, ndi kusaka ndalama. Sitepe iliyonse ili ndi chifukwa chomveka, ngati ku England kuja. Ndipo m'dziko limene okalamba ena amaphedwa powanamizira ufiti, monga anayi aja a ku Neno mu January 2016, sitinganene kuti okalamba onse ali m'manja abwino. Mwana amene sanachezepo ndi nkhalamba savuta kumuuza kuti nkhalamba ndi mfiti.

Ndiye ndinati ndiyese. Ndinatumiza ndalama ya bandulo kwa msuweni wanga wa kumudzi amene ali ndi foni ya WhatsApp, n'kupangana Lamlungu masana akaweruka kutchalitchi. Ndinatenga phunziro la m'mbiri ija: sindinawauze agogo kuti tikufuna kuwasangalatsa. Ndinati, "Agogo, kamdzukulutuvi kanu kakuvutika ndi Chichewa kusukulu, kazolowera Chingerezi cha pa TV. Tikupempha muzikamvera kakamawerenga."

Anayankha kuti, "Iwe, ine sukulu ndinaiona liti? Ndiphunzitsa bwanji mwana wa m'tauni?"

Ndinati ntchito yawo ndi kumvera basi.

Lamlungu loyamba linali chipwirikiti. Netiweki inadukaduka, msuweni anachita kukwera pachulu, agogo akumutsatira ndi ndodo yawo. Kamera inaonetsa chipumi chawo chokha kwa mphindi zisanu. Mwana anachita manyazi, kubisala kumbuyo kwanga, amvekere, "Ankolo, muwerenge ndinu." Kenako anayamba, chala chili pa mzere, liwu limodzilimodzi. Nkhani ya m'buku lake inali yokhudza ntchito za pakhomo. Atafika pa mawu akuti lichero anawatchula mopotoza, ndipo zinaonekeratu kuti sakudziwa kuti n'chiyani. Agogo anamuimitsa. Anatuma msuweni kuti akatenge lichero m'nyumba, analionetsa pa kamera, n'kuyamba kupeta m'mwamba mopanda kanthu, uku akuseka. Mwana naye anaseka mpaka kugwetsa buku.

Munthu amene sadziwa ngakhale chilembo chimodzi anakonza kuwerenga kwa mwana wa sukulu. Mwana anali ndi zilembo, agogo anali ndi zinthu zimene zilembozo zikunena. Paja amati akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ine tsiku limenelo ndinaonanso kuti ndi dikishonale imene tikuisiya kumudzi ikudyedwa ndi chiswe.

Lamlungu lachitatu zinthu zinatembenuka. Mwana atamaliza tsamba lake, agogo anati tsopano ndi nthawi yawo. Anakonza kukhosi n'kuti, "Padangotero." Mwana anangoti duu, kundiyang'ana. Sankadziwa kuti pamenepo pamafunika kuyankha. Ndinamunong'oneza, iye n'kuti, "Tili tonse." Kalulu asanafike n'komwe kuchitsime, bandulo inatha.

Sindikunena kuti tapeza yankho. Agogo akufunikabe munthu wowatungira madzi, mankhwala a BP, ndi ife kupita ndi miyendo yathu pa Khirisimasi. Foni siingawafunditse bulangete. Malamlungu ena kumudzi foni imakhala ilibe moto, ena ine ndimakhala ndilibe ndalama. Koma msuweni akuti Loweruka madzulo agogo amamukumbutsa kuti akatchajitse foni pa gulosale, ndipo Lamlungu akachoka kutchalitchi savula mpango wawo wabwino uja.

Nditawauza achemwali zimenezi anakhala chete kanthawi. Kenako anapempha kuti ulendo wina ndiwalowetse nawo pa call, asalankhule, angoonera. Lamlungu lapitali zinatheka. Iwo ali pa bureki m'kachipinda ka ogwira ntchito ku England, yunifolomu ili m'thupi, agogo ali pachulu ku Ntcheu, mwana ali pamkeka ku Lilongwe, ine ndagwira foni. Mwana anawerenga masamba awiri osapunthwa. Atamaliza anafunsa yekha kuti Kalulu uja zinamuthera bwanji kuchitsime.

Ngati agogo anu akadali moyo, ndipo pakhomo panu pali mwana wa sitandade 1, 2 kapena 3, yesani Lamlungu likubwerali. Mphindi 15 zikwana. Musawauze kuti mukufuna kuwachezetsa. Auzeni kuti mwanayo akufuna thandizo lawo, chifukwa n'zoona.